Mabotolo a ku Johannesburg ndi tsogolo la mafuta

Ife Amalawi okhala kuno ku Johannesburg timaona m'mamawa anthu akukoka matumba akuluakulu a mabotolo apulasitiki pa timangolo, koma sitiganiza kuti ntchito yawo ikukhudza msika wa mafuta. Pulasitiki wambiri amachokera ku mafuta a pansi pa nthaka ndi gasi, ndipo mu 2018 bungwe loona za mafuta ndi magetsi la International Energy Agency linati mafakitale opanga pulasitiki ndi zinthu zina kuchokera ku mafuta adzatenga pafupifupi theka la mafuta owonjezereka amene dziko lidzafune pofika 2050. Komabe, malinga ndi bungwe loona za chuma cha mayiko la OECD, pulasitiki wotayidwa amene amakonzedwanso padziko lonse ndi 9 peresenti yokha. Vuto n'lakuti mafuta akatsika mtengo, pulasitiki watsopano amatchipa, ndipo wotola mabotolo uja amalandira zochepa akafika pa sikelo. Ine ndikuona kuti kugwiritsanso ntchito chigubu chomwecho kungachepetse mafuta ofunika kuposa kuchisungunula.