Kusaka Porsche yobisidwa ku Nürburgring

Lolemba mvula inayamba m'mamawa ku Eifel, dera la ku Germany komwe kuli bwalo la mpikisano wa magalimoto la Nürburgring, ndipo msewu wake wautali wa Nordschleife ukanyowa magalimoto othamanga kwambiri satuluka kawirikawiri. Ojambula tonse tinangounjikana pamalo othirira mafuta a ku Döttinger Höhe, tikumwa khofi n'kumanamizana za zimene aliyense anaona sabata yatha. Magalimoto oyeserera amadzathira mafuta pomwepo, choncho ngakhale tsiku litaipa umapezako kachithunzi kamodzi. Lachiwiri linapitanso chimodzimodzi.

Ntchito yanga ndi kujambula magalimoto amene sanafike pamsika n'kugulitsa zithunzizo ku magazini. Masiku ena msewu wa makilomita 20.8 umenewu umasiyidwira makampani okha masana, ife n'kumadikira kuseri kwa mpanda pamakona a Brünnchen kapena Pflanzgarten, kamera ili m'manja, miyendo itachita dzanzi.

Lachitatu chakumasana ndi pamene inatulukira. Poyang'ana inali Porsche 911 GT3 RS, phiko lake lalikulu lija lili kumbuyo, koma m'mbali yotambalala kuposa nthawi zonse, mabampa atamatidwa tepi yakuda. Ambiri amatengeka ndi tepiyo, pomwe tepi amaika dala kuti diso lisokere. Ine ndimadalira khutu. Injini ya GT3 RS ndi ya malita 4.0 yopanda turbo, ndipo imalira mokuwa mpaka 9,000 rpm, kutanthauza kuzungulira ka 9,000 pa mphindi imodzi. Iyi inkabangula chapansipansi, ndipo dalaivala akachotsa phazi pamoto polowa pakona, kunkamveka kakhweru kampweya. Imeneyo ndi turbo basi. Tsono 911 ya turbo yovala thupi la RS ili ndi dzina limodzi lokha, GT2 RS. Yomaliza inatuluka mu 2017 ndi 700 PS (PS ndi muyezo wa mphamvu ya injini), ndipo dalaivala wa Porsche Lars Kern anazungulira nayo msewu womwewu pa mphindi 6 ndi masekondi 47.3.

Usiku nditakulitsa zithunzi pa kompyuta, pagalasi lakumbuyo panaoneka kachizindikiro kachikasu. Kuno amakamata pagalimoto yokhala ndi batire yamagetsi amphamvu, kuti opulumutsa anthu pangozi asaigwire mwachisawawa. Tinkakaonanso pa ma 911 oyeserera GTS T-Hybrid isanatuluke mu 2024. Maganizo anga ndi akuti GT2 RS yatsopano idzakhala ya hybrid, yophatikiza injini ya mafuta ndi magetsi, ndipo sindikuona njira ina. 911 Turbo S ya 2025 yafika kale pa 711 PS ndi ma turbo awiri othandizidwa ndi magetsi, ndipo Porsche singalole kuti mfumu ya banja ichepere mng'ono wake. Chondidetsa nkhawa ndi kulemera. GT2 RS imakondedwa chifukwa ndi yopepuka ndipo imakankha ndi matayala akumbuyo okha, tsono batire ndi mawaya ake akalowa, makilogalamu amenewo adzayenera kuchotsedwa kwina.

Lachinayi mkonzi wa magazini ina anaimba foni. "Ndiye tilembe 800 PS?" Ndinati, "Bwana, kamera yanga siyeza mphamvu ya injini. Lembani kuti ili ndi turbo, ili ndi chizindikiro cha magetsi, matayala akumbuyo ndi aakulu. Zimenezo ndingaikire umboni." Sanakondwe, koma zithunzi anagula. Palinso anzathu amene amaima ndi wotchi kuwerengera nthawi imene galimoto yazungulira, osalabadira kuti madalaivala amenewa nthawi zambiri amathamanga chigawo chimodzi chokha, kwina n'kumayenda pang'onopang'ono kuti mabuleki azizire. Nambala yotero ikafika pa intaneti imasanduka nkhani, anthu n'kuyamba kuiyerekeza ndi mphindi 6 ndi masekondi 29.090 zimene Mercedes-AMG One inazungulira msewu womwewu.

Lachisanu galimoto ija inabweranso, koma mapaipi a utsi atasinthidwa malo ndipo phiko lili lina. Ndiye kuti mainjiniya akadayesabe, sanasankhe. Ndinayenera kutumiza zithunzi zatsopano kwa onse amene anagula za Lachitatu, ndipo awiri anafuna kuti mtengo utsike poti galimoto ndi yomweyo.