Zikomo nonse amene mukundithandiza pa matendawa

Chindipezereni madokotala ndi myasthenia gravis, sindinasowe wondithandiza. Matendawa amachititsa chitetezo cha m'thupi kusokoneza uthenga wochoka m'mitsempha kupita ku minofu, ndiye pofika madzulo zikope zimagwa, nsagwada nkulema ngakhale kutafuna.

Zikomo achemwali anga. Mwasintha nthawi ya chakudya kuti ndizidya mphamvu ya mankhwala anga a pyridostigmine ikadalipo, ndipo mumandiphikira zofewa osadandaula. Sichapafupi chimenecho, ndimaona. Abwana, zikomo pondilola kugwira ntchito zolemetsa m'mawa, masana nkupumula.

Nanunso mayi amene sindikukudziwani, munaona manja anga akulephera kukweza chikwama, munandinyamulira osafunsa kuti munthu wooneka wathanzi chonchi wavutika chiyani. Mulungu akudalitseni kumene muliko.