Dar es Salaam si Kariakoo yokha

Anthu ambiri a kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu amaidziwa Dar ngati kokaoda zovala kumsika wa Kariakoo kapena kokatenga galimoto padoko. Amafika, kugula, kumanga mitolo n'kubwerera, nyanja osaiona n'komwe. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa njira yake ndi yaitali kwambiri moti ndi bwino kuikapo masiku awiri oonera mzindawo.

Basi imatsata M1 kudzera ku Lilongwe, Mzuzu ndi Karonga mpaka pachipata cha Songwe, chimene tsidya linalo amati Kasumulu. Kuchoka apo ndi Tukuyu, Iringa, nkhalango ya Mikumi (khalani pawindo, akadyansonga amaoneka m'mbali mwa msewu) kenako Morogoro. Werengerani masiku awiri panjira. Mmalawi safunika viza, pasipoti ndi yokwanira. Kwacha isintheni musanapite kutali ndi malire, chifukwa ku Dar palibe angailandire. Majumbo asiyeni kunyumba, Tanzania inawaletsa mu 2019.

Chimene chimasiyitsa anthu basi ndi nthawi. Mukangowoloka mtsinje wa Songwe, wotchi ipite patsogolo ndi ola limodzi. Komanso Mswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, ndiye akati "saa moja asubuhi" akunena 7 koloko m'mawa, "saa sita" ndi 12 koloko. Pa ola limene mwamva onjezanipo 6, ndipo wogulitsa tikiti akulembereni m'manambala inu mukuona.

Mabasi akutali amathera pa siteshoni ya Magufuli ku Mbezi, kutali ndi pakati pa mzinda. Mukafike ku Kimara n'kukwera mwendokasi, basi zokhala ndi msewu wawowawo zimene zinayamba mu 2016. Zimakafika ku Kivukoni, zina ku Gerezani pafupi ndi Kariakoo. M'mawa ndi madzulo mumadzaza zedi, foni ikhale m'thumba lakutsogolo. Bajaji (kagalimoto ka mateyala atatu) ndi njinga yamoto, gwirizanani mtengo musanakwere.

Munthu wozolowera chifunga cha ku Bembeke, kutentha kwa ku Dar kumamufoola tsiku loyamba lomwelo. Thukuta siliuma, ngakhale usiku. Nthawi yabwino ndi June mpaka September. Kuyambira March mpaka May kumagwa mvula yambiri, ndipo madzi akasefukira pa Jangwani msewu wolowera m'tauni umatsekeka. Chipinda chogona chikhale ndi fani ndi neti, malungo aliko.

Tsiku loyamba lawirirani ku msika wa nsomba wa ku Kivukoni, isanakwane 7 koloko. Asodzi amakhuthula nsomba pamatebulo a simenti, amayi atazungulira ndi zidebe akupikisana mtengo mofuula. Pali nsomba zotalika ngati munthu, nkhanu zazikulu ndi pweza, nyama ya m'nyanja ya miyendo 8. Valani nsapato zosaopa madzi. Pafupi pomwepo pali pantoni yowolotsa anthu ku Kigamboni m'mphindi zochepa. Kamera ibiseni mukamadutsa pa nyumba ya boma ya Ikulu, sikuloledwa kujambula.

Mukachoka apo yendani pansi. Tchalitchi cha Lutheran cha Azania Front ndi cha Katolika cha St Joseph zinamangidwa m'nthawi ya Ajeremani. Ku Kisutu kuli akachisi a Ahindu, mizikiti ili ponseponse, ndipo Mmasai wa nsalu yofiira amagula tiyi pamalo amodzi ndi Mwarabu. Imani pa chipilala cha Askari cha mu 1927, chokumbukira asilikali akuda ndi onyamula katundu pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse. Agogo athu a mtengatenga anali pa nkhondo yomweyo, ndipo dzina loti Kariakoo linachokera ku Carrier Corps, gulu la onyamula katunduwo.

Tsiku lachiwiri likhale la nyanja, koma musaiyese ya ku Salima. Madzi ake ndi amchere, amalasa m'maso, ndipo amaphwa n'kubwereranso kawiri pa tsiku. Pamene mwasiya zovala pouma, pakapita maola atatu mukhoza kupeza pali madzi. Akaphwa musayende opanda nsapato pamiyala, pali tizilombo taminga tothyokera m'phazi. Funsani eni dera nthawi imene madzi amadzaza. Wofuna madzi oyera akwere boti pa Slipway kupita kuchilumba cha Bongoyo, ndipo afunsiretu nthawi ya boti lomaliza lobwerera.

Madzulo pitani ku Coco Beach. Chinangwa chokazinga chothira tsabola ndi mandimu, kanyenya wapamitengo amene amati mishkaki, ndi madzi a kokonati wamuwisi wotsegulidwa ndi chikwanje inu muli pomwepo. Ngati mwatsala ndi tsiku lina, sitima ya pamadzi yopita ku Zanzibar imayenda pafupifupi maola awiri. Tikiti mugule pawindo la kampani yake, osati kwa anyamata okuthamangirani pamsewu, ndipo pasipoti mutenge chifukwa pofika amaifunsa.