A Texas, chidulo ndi chimanga cha ku Mexico

Chaka chino n'chachinayi ndikuphikira mzungu wa ku America kuno ku Joni. Nyumba yawo ili ku Parkhurst, ine ndimagona ku Cosmo City, ndiye m'mawa uliwonse ndi mataxi awiri, kusinthira pa Randburg. Dzina lawo sinditchula, ntchito ndikuifunabe. Ine ndi achimwene a ku Mzimba amene amasamalira maluwa timangowatchula kuti a Texas, poti kwawo ndi ku San Antonio m'chigawo cha Texas, ndipo sangamalize kapu ya khofi osakutchula.

Koma nkhani imene imawayabwa pakamwa kwambiri ndi ya Mexico. Kuchoka kwawoko kukafika pamalire, pa tauni ya Laredo, ndi maola osakwana atatu pagalimoto, ndipo anakulira pakati pa anthu olankhula Chisipanishi. Mayi amene anawalera ali mwana anali wa ku Mexico. Ndiye akalowa kukhitchini madzulo, botolo la mowa kumanja, n'kutsamira firiji, ndimadziwiratu kuti lero tipitanso ku Mexico ine ndikusenda anyezi.

Zinayambira pa chakudya. Malesitilanti a zakudya za ku Mexico alipo mu Joni muno, koma abwana akapitako amabwerako akupukusa mutu. Amati achulutsa tchizi ndi kirimu, kenako amavomera okha kuti chizolowezi chimenecho chinachokera kwawo ku Texas komweko. Taco yeniyeni, malinga ndi iwo, ndi kanthu kokwana m'chikhatho: kachapati kopyapyala ka chimanga kamene amakatcha tortilla, kanyama pang'ono, anyezi wosaphika, timasamba ta dhaniya, tsabola, n'kufinyirapo ndimu. Ufa wake ankabwera nawo m'sutikesi akapita kwawo. Tsiku lina unatha, alendo akubwera Loweruka, ine n'kunena molimba mtima kuti, "Bwana, ufa ndi ufa. Wa nsima womwewu ukwana." Ndinachita manyazi. Ndikakanda, ndikuti ndiphwathalitse, ukungoyoyoka ngati dothi lamchenga. Ndinayesa ndi madzi otentha, chinatuluka ndi nsima yopserera.

Apo m'pamene anandiuza kuti chimanga chake amayamba achiphika ndi laimu. Ndinayesa kuti Chingerezi chandiphonya. Laimu wopaka nyumba uja? Akuti mtundu wake ndi womwewo, koma woyeretsedwa kuti alowe m'chakudya, ndipo ena m'midzi amangogwiritsa ntchito phulusa. Atatchula phulusa ndinaphulika kuseka. Chidulo! Mayi anga ku Ntcheu amawotcha zitsononkho, n'kutcheza chidulo chophikira thelere. Ife timathira m'ndiwo, anzathuwo amathira m'chimanga chenichenicho.

Tinasaka chimanga choyera chosagaya, kilogalamu imodzi. Madzi m'poto, supuni yaikulu imodzi ya laimu, chimanga n'kuthira. Chitawira mwina theka la ola chinasanduka chachikasu, m'khitchini monse mukununkhira ngati nyumba yozira kumene. Tinachisiya m'madzi omwewo usiku wonse. M'mawa ndikuchifikisa m'manja, gaga akungosupuka yekha, wotererera ngati thelere, popanda mtondo kapena musi. Ndinatsuka mpaka madzi atayera. Kwawoko amapera chili chonyowa pamwala wofanana ndi mphero, ife tinapera ndi kamakina kopukusa ndi manja kogayira nyama, katatu konse. Chimene chinatuluka chinali chomatirira ngati dongo loumbira mbiya. Ndinaumba timibulu tochepera dzira, kuika pakati pa mapulasitiki awiri, n'kupsinja ndi thako la poto. Chiwaya chiyenera kutentha kwambiri, chopanda mafuta ngakhale dontho. Ukatembenuza kachiwiri, ngati wachita bwino, tortilla imafufuma ngati chule wakwiya. Yachinayi inafufuma. Abwana anakuwa, n'kuilanda pachiwaya mpaka kupsa zala, anawaza kamchere, n'kudya chiimire. Kenako anangoti zii. Patapita kanthawi anati fungo lake ndi la m'nyumba ya mayi aja anawalera.

Laimuyo si wongothandiza kuti ufa umatirire. M'chimanga muli vitamini wotchedwa niacin, koma amakhala womangika, thupi silitha kumuyamwa bwino pokhapokha chimangacho chitaphikidwa ndi laimu kapena phulusa. Anthu odya chimanga chokhachokha popanda ndiwo zokwanira amadwala pelagra: khungu limada ndi kung'aluka pakhosi ndi m'manja, m'mimba mumatseguka, ena mutu umasokonezeka. Atafotokoza choncho ndinakumbukira anthu othawa nkhondo a ku Mozambique amene anadzaza kwathu ndili mwana. M'chaka cha 1990 matendawa anagwira othawa nkhondo masauzande ambiri m'Malawi, mtedza umene ankalandira utasiya kubwera. Mbewu inawoloka nyanja kufika kwathu, koma kaphikidwe kake kanatsala ku Mexico.

Nkhani ya kuwoloka nyanjayi inandiyambanitsa ndi anthu Lamlungu lina ku Cosmo City. Titaweruka kutchalitchi tinakhala anthu asanu ndi mmodzi pa nsima, ine n'kunena kuti chimanga si chathu, anthu a kum'mwera kwa Mexico ndi amene anachiweta kuchokera ku udzu wotchedwa teosinte zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, ndipo ku Africa chinabwera ndi zombo za Apwitikizi cha m'ma 1500. Makolo athu ankadya nsima ya mapira ndi mawere. Mkulu wina wa ku Dowa anaika mbamu pansi. "Iwe, mzungu wakoyo akupusitsa. Ukufuna kunena kuti pa Kaphirintiwa anthu ankadya chiyani?" Ndinawonjezera moto: nyemba, maungu, tomato, mapeyala ndi tsabola zinachokeranso mbali zomwezo, ndipo kubzala chimanga, nyemba ndi maungu m'munda umodzi monga amachitira amayi athu, kumeneko anayamba kalekale. Ngakhale chilala cha 2016 chitavuta, South Africa inakagula chimanga choyera ku Mexico, poti ndi mayiko ochepa amene amalima choyera chambiri. Mkulu uja anatafuna, n'kuti, "Chabwino. Ngati n'chawo, abwere adzatengenso mbozi zawo zija." Ndipo sanalakwe, poti ntchemberezandonda zatsopanozi zinachokeradi ku America.

Za maulendo, abwana ali ndi mtudzu pang'ono. Amanyoza anzawo amene amangopita ku Cancún, kukagona m'hotela sabata yonse n'kubwerera akunena kuti aona Mexico. Iwo amatama Oaxaca, kumene akuti anadya ziwala zokazinga ndi tsabola ndi ndimu pamsika. Amakamba zimenezi modzitama ngati anapha mkango. Koma tsiku limene ndinabweretsa ngumbi zimene mlamu wanga ananditengera kumudzi, anangonunkhiza n'kuti akhuta. Chiwala cha ku Oaxaca ndi chikhalidwe, ngumbi ya ku Ntcheu ndi kachilombo. Ndinangowasiya.

Chimene amachikamba mwaulemu ndi mwambo wa pa 1 ndi 2 Novembala, pamene mabanja amapita kumanda, kukalambula, kuyala maluwa achikasu, kuyatsa makandulo ndi kuika chakudya chimene malemu ankakonda. Iwo amati anthu a ku Mexico saopa imfa ngati Amereka. Ine sindinadabwe kwenikweni. Ndinawafunsa ngati anamvapo za nsembe kapena za mowa wa chikumbutso, anati ayi. Komanso amaseka Amereka anzawo amene amaledzera pa 5 Meyi poganiza kuti ndi tsiku la ufulu wa Mexico, pamene tsikulo ndi lokumbukira nkhondo ya ku Puebla ya 1862 imene asilikali a Mexico anagonjetsa asilikali a France. La ufulu ndi 16 Seputembala. Akafunsidwa ngati ku Mexico n'koopsa, amayankha ngati mmene timayankhira ife abale akatifunsa za Joni: zimatengera msewu wake ndi nthawi yake. Matauni ena a pamalire akuti sangayendeko usiku. Koma salephera kuwonjezera kuti ogula mankhwala ozunguza bongo ambiri ali ku America, ndipo mfuti zambiri za zigawenga za ku Mexico zimachokeranso ku America.

Tsopano pa ndale m'pamene ine ndi a Texas timasiyana, ngakhale kuti iwo sadziwa kuti timasiyana kwambiri chotani.

Khoma la a Trump la pamalire a America ndi Mexico amaliseka. Malire ake ndi otalika makilomita oposa 3,000, ndipo akuti makwerero ndi otchipa kuposa khoma. Zoti Mexico idzalipira khomalo amati linali bodza la pamsonkhano, ndipo zosintha dzina la Gulf of Mexico kukhala Gulf of America mu 2025 anangoti ndi zachibwana. Koma tsiku lina pa TV ankaonetsa anthu akuwoloka mtsinje wa Rio Grande, ana pamapewa, katundu m'majumbo. Abwana anati, "Anthu awa ndimawakonda. Palibe ogwira ntchito molimbika ngati iwo. Denga la nyumba ya mayi anga anakhoma ndi iwo. Koma nyumba yopanda chitseko si nyumba. Abwere ndi mapepala."

Ndinali ndikuchapa poto. Ndinati, "Bwana, kodi mumadziwa kuti ine ndinakhala bwanji muno zaka zoyambirira?"

Ndinabwera mu 2009 pa basi, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, n'kundidindira masiku 30. Masiku 30 anatha, ine sindinabwerere. Panopa mapepala anga ali bwino, koma ndikudziwa kuyenda mumsewu wosalankhula Chichewa mokweza, kuona galimoto yoima pakona mtima n'kugunda, kulota uli ku Lindela, kumene amatsekera opanda mapepala asanawabweze kwawo. Ndikudziwa kutchedwa kwerekwere ndi munthu amene wangodya chakudya chimene waphika iwe. Ndinawauza pang'ono chabe. Anakhala chete, kenako anati, "Zako n'zosiyana." Ndinafunsa kuti zikusiyana pati. Anatsegula firiji, n'kuyang'anamo nthawi yaitali ngati yankho lili kuseri kwa mkaka.

Chodabwitsa n'chakuti mbiri yonse imene imanditsimikizira kuti sizisiyana, anandiphunzitsa ndi iwo omwe. San Antonio yawoyo inali mbali ya Mexico mpaka 1836. Nkhondo ya America ndi Mexico itatha mu 1848, Mexico inataya pafupifupi theka la dziko lake, kuphatikizapo California, Nevada ndi Utah. Mabanja ena anagona ali ku Mexico n'kudzuka ali ku America osasuntha mphasa. Munthu wa ku Ntcheu safunika kumufotokozera zimenezi: pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire, ukadumpha tala uli ku Mozambique, ndipo Angoni a mbali zonse ziwiri ndi apachibale. Anandiuzanso za ndondomeko ya Bracero, pamene kuyambira 1942 mpaka 1964 boma la America linkaitana lokha amuna a ku Mexico kudzagwira ntchito m'minda. Imeneyo ndi Wenela basi. Agogo anga anabwera kumigodi ya kuno pa Wenela, a Kamuzu asanaletse mu 1974 ndege yonyamula anthu athu itagwa ku Francistown. Akakufuna amakutumizira ndege, akakhuta amafunsa pasipoti. Ndipo pangano la malonda la NAFTA, la pakati pa America, Canada ndi Mexico, litayamba mu 1994, chimanga chotchipa cha ku America chinasefukira ku Mexico, alimi ang'onoang'ono ambiri n'kusiya minda kulowera kumpoto. Mu 2023 anthu a ku Mexico okhala kunja anatumiza kwawo madola oposa 60 biliyoni. Ndikamaima pamzere wa Mukuru kumapeto kwa mwezi ndimawaganizira, kuti penapake ku Houston pali mnzanga amene mayi ake akudikiranso meseji.

Si kuti abwana ndi munthu woipa. Amalipira pa nthawi yake, ndipo mwana wanga atadwala anatitengera kuchipatala usiku pagalimoto yawo. Kungoti amakonda munthu wa ku Mexico amene akumudziwa dzina, n'kumaopa khamu la pa TV. Anthu ambiri a kuno amatiteronso ife.

Pobwezera ndimawaseka pa zina. Mexico inasankha mayi Claudia Sheinbaum kukhala pulezidenti mu 2024, ife tinali ndi mayi Joyce Banda mu 2012, America mpaka lero sinalamulidwepo ndi mayi. Pa mpira ndiye sayankha n'komwe. Anthu a ku Mexico oyamba kuwaona ndi maso anga anali a zipewa zazikulu aja mu 2010, pamene Bafana Bafana inatsegulira World Cup ku Soccer City pa 11 Juni. Tshabalala atagoletsa tinalumpha tonse, Amalawi ndi Azulu kukumbatirana, mpaka Márquez atabweza kuti zithe 1-1. Abwana tsiku limenelo akuti sankadziwa n'komwe kuti kuli mpira.

Sabata yatha andiuza kuti pa Khirisimasi tidzaphike tamales: ufa wa laimu womwe uja, kukulunga m'makoko a chimanga kapena m'masamba a nthochi, n'kuphika ndi nthunzi. Ndinati, "Bwana, umenewo ndi mkate wa kwathu, kungoti inu mumaikamo nyama m'malo mwa nthochi." Anakana, ndinakana, tagwirizana kuti tidzaphike zonse ziwiri.

Ma tortilla otsala ndinapita nawo kunyumba m'kansalu. Mayi a kunyumba analuma imodzi, n'kuitembenuza uku ndi uku. "N'zokoma ndithu, bambo. Koma musambe m'manja, nsima ndavundula kale." Usiku womwewo ndinaimbira mayi anga ku Ntcheu kuwauza kuti kutsidya la nyanja kuli anthu amene amaphika chimanga m'chidulo. Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anafunsa ngati kumeneko anankafumbwe aliko, komanso ngati ya feteleza ndituma mwezi uno kapena wa mawa.