Oonetsa mafilimu pa intaneti achuluka, koma olipira ndi omwewo

Chiyambire mu Januwale 2016, pamene Netflix inafika m'mayiko 130 nthawi imodzi kuphatikizapo Malawi, makampani oonetsa mafilimu pa intaneti akhala akuchulukirachulukira. Showmax inayamba ku South Africa mu 2015, Amazon ili ndi Prime Video, ndipo YouTube munthu amaonera osalipira kalikonse kupatula bandulo. Koma ndikayang'ana muno mu Blantyre, anthu amene angathe kulipira mwezi ndi mwezi ndi ochepa omwe aja, ndipo makampani onsewa akupisa m'thumba limodzi.

Chimene chimapha malondawa m'mayiko ngati lathu ndi chakuti katundu amagulidwa ndi ndalama zakunja pamene woonera amalandira malipiro ake m'makwacha. Chilolezo choonetsa mpira wa Premier League kapena mafilimu a ku America sichitsika mtengo chifukwa choti kwacha yagwa. Pamene ndalama yathu inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wolipira m'madola anadzuka mtengo utakwera, ngakhale kampaniyo sinawonjezere kanthu. Kampani yolandira makwacha nayo ili pampanipani, chifukwa ikakweza mtengo makasitomala amathawa, ikapanda kukweza imayamba kudya mpamba. Ambiri tikukumbukira kuti mu Ogasiti 2023 MultiChoice inalengeza kuti ikuchotsa DStv m'dziko muno itasemphana ndi bungwe la boma loyang'anira za mauthenga la MACRA pa nkhani yokweza mitengo, ndipo inabwerera nkhaniyo itaweruzidwa kukhothi. Imeneyo inali ya dishi, koma nthenda yake ndi yomweyi.

Ena anagwa kale. Kwesé TV ya kampani ya Econet inatseka mu 2019, ndipo mu Januwale 2024 Amazon inasiya kuika ndalama m'mafilimu atsopano a ku Africa kuno. MultiChoice yomweyo inagulidwa ndi Canal+ ya ku France mu 2025.

Woonera wa kuno amalipira kawiri, koyamba kukampani ya mafilimu, kachiwiri bandulo ya Airtel kapena TNM, ndipo filimu imodzi yooneka bwino imatha kumeza magigabaiti angapo. Makampani akunja amafunanso khadi yolipirira m'madola, pamene ndalama zakunja zikusowa ndipo anthu ambiri anazolowera Airtel Money ndi Mpamba. Magetsi akazima sitinenanso.

N'chifukwa chake ndimaona kuti mdani weniweni wa makampaniwa si mnzawo wa ku America ayi, koma mnyamata wa kompyuta imodzi mumsika wa Ndirande kapena wa Limbe. Munthu amafika ndi memori khadi, amatchula zimene akufuna, kaya za karate kaya za ku Nigeria, amapereka ndalama yochepa pamanja, ndipo posakhalitsa wanyamula mafilimu oonera sabata yonse popanda intaneti. Ambiri mwa mafilimuwo amakhala atamasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata amene amathiramo nthabwala zawozawo, moti agogo ndi adzukulu amatsatira nkhani limodzi. Kumeneku ndi kuba ntchito za eni ake, ndipo sindikuikira kumbuyo, chifukwa opanga mafilimu a ku Malawi konkuno ndiwo amavutika nako kwambiri. Komabe mnyamatayu anathana ndi mavuto atatu amene makampani akuluakulu akulimbana nawobe: chilankhulo, bandulo ndi kalipiridwe.

Maganizo anga ndi akuti kampani yofuna kupindula muno isiye kudalira malipiro a pamwezi, igwirizane ndi makampani a mafoni kuti mtengo umodzi ukhale ndi bandulo momwemo, ndipo ilole munthu kugula tsiku limodzi lokha ngati mmene amagulira mayunitsi. Iyeneranso kulipira opanga mafilimu a Chichewa, amene pakadali pano ambiri amangoika ntchito zawo pa YouTube n'kumadikira kuti mwina otsatsa malonda awaponyerako kangachepe.