Tsiku limene Jaguar inandimeta nsidze

Pa injini ya Jaguar ya mtundu wa XK, silinda nambala 1 ili kumbuyo, kufupi ndi galasi lakutsogolo, ndipo nambala 6 ndi imene ili pafupi ndi radiyeta. Ndayamba ndi mfundo imeneyi kuti inu muimve ulere, chifukwa ine ndinailipira ndi nsidze zonse ziwiri komanso penti wa madigadi yakumanja.

Galimotoyo ndi XJ6 ya 1972, ya m'gulu loyamba lija lomwe linatuluka mu 1968, injini yake ya masilinda sikisi ondondozana, 4,235 cc. Pobwera inkanyezimira ngati yangotuluka kumene ku Coventry. Nditatenga kamaginito n'kukayendetsa m'munsi mwa zitseko, kankangogwa pansi kuti gwa. Maginito sagwira filler, phala lija lomatira mabowo ndi makwinya pa thupi la galimoto. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nditapala ndi galainda ndinapeza filler wokhuthala ngati chala changa chachikulu, kuseri kwake kuli dzimbiri ndi mphepo basi.

Galimoto zimenezi zimaola malo odziwika: ma sill, zitsulo zazitali zija za pansi pa zitseko, kuzungulira nyali zakutsogolo, m'munsi mwa galasi lakutsogolo ndi lakumbuyo, pansi pa buti pogona tayala la sipeya, ndi poopsa kwambiri, pamene ma radius arm, zitsulo zogwira mawilo akumbuyo, amamangiriridwa ku thupi la galimoto. Yanga inali itaola malo onsewa, osasiyapo n'kamodzi komwe, ngati inachita kuwerenga buku.

Musanayatse makina owotcherera, chotsani mathanki a petulo. Ndati mathanki chifukwa alipo awiri, ina m'madigadi yakumbuyo kumanja, ina kumanzere, iliyonse ndi chitsekerero chake, pampu yake, ndipo woyendetsa amasankha thanki ndi switchi ya pa dashibodi. Switchi imeneyi muikumbukire, ibweranso.

Thupi la XJ6 lilibe chasisi chapadera, choncho ma sill ndiwo msana wake. Musanadule, mumawotcherera chitsulo chopingasa pakhomo lililonse kuti thupi lisapindike, ndipo mumadula mbali imodzi kaye. Ine mbali yoyamba ndinaona ngati zimenezo n'zamantha. Ndinadula, n'kuika sill yatsopano ya malata a 1.2 mm, n'kuboola mabowo a 8 mm motalikirana masentimita atatu, n'kuwotcherera bowo lililonse bwinobwino ndi waya wa 0.6 mm. Ntchito yokongola zedi. Nditabwezera chitseko chakumbuyo, chinakana kulowa pakhomo pake. Pakati pa galimoto panali patatsika mamilimita angapo, ndipo ine ndinali nditawotcherera kutsikako kuti kukhale mpaka kalekale. Ndinaboolanso zonse, kukweza pakati ndi jeke mpaka mpata wa chitseko utafanana pamwamba ndi pansi, kuika chitsulo chopingasa chija ndinachinyoza, n'kuyambiranso.

Zigamba za pa madigadi n'zopyapyala, pafupifupi milimita imodzi, ndipo mdani wake ndi kutentha. Osakoka mzere wautali. Mumadontheza kadontho apa, kena uko, kudikira kuti pazizire mpaka dzanja likhoza kugwirapo, kenako kudzaza mipata. Mukapupuluma, malata amachita mafunde, ndiye mumayamba kuwabisa ndi filler, n'kukhala chimodzimodzi munthu uja mumamutukwana pogula galimoto. Filler asapitirire mamilimita atatu, hardener wake, mankhwala oumitsira, magawo awiri pa 100 alionse. Pachitsulo choyera ndinayamba ndi epoxy primer, penti woyamba wapansi, kenako kupala ndi sandipepala wa 80, wa 180, wa 320, kumalizira wa 600, nthawi zonse atakulungidwa pa thabwa lalitali, chifukwa zala zimakumba tinjira tomwe timadzaoneka penti akauma. Mtundu wake wobiriwira modera. Madigadi yakutsogolo kumanja ndi imene inatuluka bwino kuposa zonse. Munthu ukanatha kumeterapo ndevu.

Injini inandivuta pa mutu. Mutu wake, gawo la pamwamba lotseka masilinda, ndi wa aluminiyamu, buloko ndi wachitsulo, ndipo zimagwirana ndi ma stud 14, mabawuti opanda mutu, ambiri mwa iwo aatali odutsa m'njira ya madzi. Galimoto ikayenda zaka ndi madzi okhaokha opanda antifreeze, ma stud amachita dzimbiri n'kumatirira ku aluminiyamu. Mumamasula manati onse koma mutu uli phee. Osalowetsa sikuludiraiva pakati, mungawononge nkhope ya mutu. Ndinathira mafuta osungunula dzimbiri pa stud iliyonse m'mawa ndi madzulo kwa milungu iwiri, injini italendewera pang'ono pa tcheni chomangidwa kumutu kuti kulemera kwake komwe kuzikoka. Ma stud onse ndinaika atsopano, ndipo pomanga ndinayambira pakati kupita kunja, pang'onopang'ono, mpaka 54 lb ft.

Mavalavu ake alibe sikulu yochunira. Mpata umakonzedwa ndi tizitsulo tozungulira totchedwa shim, tokhala pansi pa timakapu ta tappet, ndipo pa injini iyi umafunika 0.30 mpaka 0.35 mm. Mumamanga camshaft, chitsulo chozungulira chotsegula mavalavu, kuyeza mipata sikisi, kulemba, kumasula, kusintha ma shim, kumanganso. Ma camshaft alipo awiri. Ndinachita zimenezi kanayi, ndipo sindikudandaula, chifukwa ndi ntchito yokhayo pa galimoto yonse imene ndinaiwerenga bwino. Yang'ananinso timapaipi momwe mumayenda ma tappet a mbali ya ekizozi. Injini ikatenthapo kwambiri timakwera m'mwamba n'kuyamba kumenyana ndi camshaft. Pali tizitsulo tomangira kuti tisasunthe, ndipo ndinaika.

Tsopano apa ndi pamene phula linadyedwa. Buku la kampani limati ikani pisitoni nambala 6 pamwamba penipeni, lowetsani kachitsulo koyezera m'timipata ta ma camshaft, mangani matcheni, ndipo rotor ya distributor ikhala ikuloza waya wa nambala 6. Pisitoni yakutsogolo ndi yakumbuyo zimakwera limodzi, ndiye zonse zinkaoneka zolondola. Ndinatenga waya amene rotor inaloza n'kumupititsa ku silinda yakumbuyo, poti pa injini zonse zimene ndinagwirapo nambala 6 amakhala kumbuyo. Kenako ndinatsatira ndondomeko ya moto, 1-5-3-6-2-4, mozungulira motsutsana ndi wotchi, monyadira.

Choseketsa n'chakuti ndondomeko imeneyi imagwira ntchito ngakhale muwerengere kutsogolo kapena kumbuyo, bola musasinthe pakati pa njira. Ine ma camshaft ndinawaika mwa chiwerengero cha Jaguar, mawaya mwa chiwerengero changa. Zotsatira zake, pulagi iliyonse inkathetheka pisitoni ili pamwamba ndithu, koma pamwamba polakwika: osati itapanikiza petulo ndi mpweya, koma itangomaliza kutulutsa utsi, valavu yolowetsa itayamba kale kutseguka. Moto woyatsidwa nthawi imeneyo uli ndi khomo lotsegula lobwerera ku kabureta, mosakanizira petulo ndi mpweya.

Tsiku loliza injini ndinaitana mphwanga kuti azipotokola kiyi. Oyilo ndinathira, ndinazungulitsa injini popanda mapulagi mpaka geji ya oyilo itadzuka, makabureta awiri a kampani ya SU ndinawathira oyilo wopepuka m'timitsuko ta pamwamba, taimingi ya moto ndinaika madigiri 8. Petulo ndinathira malita 10 mu thanki yakumanzere.

"Yatsa tione."

Kubuti kunamveka thi-thi-thi-thi, mofulumira, mosalekeza. Ndinamwetulira, ndikuti pampu ili moyo. Koma pampu ya SU ikakoka petulo imagunda msanga kanthawi, kenako imachedwa, n'kusiya makabureta akadzaza. Ikamangothamanga osapuma ndiye kuti ikumwa mphepo. Switchi ija inali pa thanki yakumanja, youma gwa chichotsereni.

Injini inazungulira, kuzungulira, koma zii. Batire linayamba kulira ngati mbuzi yodwala.

"Achimwene, kodi petulo akufika?"

"Iwe gwira kiyi. Za petulo n'zanga."

Ndinachotsa air filter, n'kutenga kabotolo ka petulo, n'kuthira mowolowa manja m'kamwa mwa kabureta iliyonse. Wina anatayikira pa nsanza imene ndinayala pa madigadi kuti lamba wanga asakande penti. Boneti ya XJ6 imatsegukira kutsogolo, makabureta ali mbali yakumanja, ndiye munthu umaima pambali n'kuwerama. Ndinawerama kwambiri, diso m'kamwa mwa kabureta, kuti ndione ngati pisitoni yake ikunyamuka.

"Yatsa!"

Phuu!

Sindinamve kupweteka. Ndinangoona dziko lonse lasanduka lachikasu, kenako fungo la nkhuku yowaula. Ndili chiimire, kukamwa yasa, kabotolo kali m'manja, mwamwayi kotseka. Nsanza ija inali lawilawi pa madigadi. Mphwanga anatuluka m'galimoto liwiro, n'kutenga chozimira moto chomwe ndinachipachika pakhoma, n'kupopera injini, madigadi, ndi ine yemwe. Ufa uti mbuu galaja yonse. Ufa umenewu umadya aluminiyamu ukausiya, ndipo zivindikiro za ma camshaft zomwe ndinazipukuta masiku atatu zinali zitayera ngati zadzola phulusa.

Utsi utachepa anandiyang'ana nthawi yaitali, milomo ikunjenjemera.

"Achimwene, mwakwiya kapena mwadabwa? Sindikutha kudziwa."

Ndinapita pa galasi la pachitseko. Pamwamba pa maso panali see, ngati dzira. Nsidze zimagwira ntchito yaikulu pankhope, ndipo munthu umazindikira zikachoka. Thukuta linkangotsikira m'maso popanda woliletsa.

Iye ndiye anatola buku lija pansi, n'kulikuntha ufa, n'kutsegula tsamba la chithunzi cha injini. Anawerenga mokweza, mwaulemu wonse, pang'onopang'ono ngati akuwerengera mwana, kuti nambala 6 ndi yakutsogolo. Zinalembedwa poyera. Tsamba lomwelo linali ndi chidindo cha chala changa cha oyilo, pa mawu omwewo.

Kutsimikiza kwake n'kwa mphindi zisanu. Chotsani pulagi ya silinda yakutsogolo, tsekani bowo ndi chala, wina azungulitse injini ndi sipanala pa bawuti ya crankshaft. Mpweya ukayamba kukankha chala, pitirizani mpaka chizindikiro cha pa pule chifike pa 0. Pamene rotor yaloza, pamenepo ndi pa waya wa silinda yakutsogoloyo. Tinasuntha waya aliyense malo atatu pa chivindikiro cha distributor. Tinatsuka ufa m'makabureta, kubwezera air filter, yomwe imathandizanso kutsekereza lawi likabwerera, n'kudina switchi ya thanki. Pampu inati thi-thi-thi, thi, thi, n'kukhala chete.

Ulendo uno ndinaima kukhomo la galaja, chozimira moto chatsopano chili m'manja. Injini inalira pa kupotokola kwachiwiri, mosalala, oyilo ataima pa 40 psi itatentha.

Madigadi ndinaipala mpaka pa primer n'kuipentanso, koma penti wa m'chitini chachiwiri anatuluka wowala pang'ono, moti dzuwa likawomba imaoneka ngati yobwereka kwa galimoto ina. Nsidze yakumanzere inamera bwino. Yakumanja inamera mopendekera m'mwamba, ndipo mpaka pano aliyense wondiuza mtengo wa sipeya amaganiza kuti ndikumukayikira.