Sabata ya milatho isanu ndi iwiri

Mutu uliwonse watsopano wa masamu ndimauyamba ndi kamayeso ndisanaphunzitse kanthu. Lolemba lapitali unali mutu wa mafulakishoni mu Sitandade 6. Kamayesoka si ka malikisi, ndimangofuna kudziwa amene akudziwa kale zomwe ndikukonzekera kuphunzitsa. Sasowa. Nthawi zonse pamapezeka kagulu ka ana amene akhoza zonse ine ndisanagwire choko. Joseph Renzulli wa pa yunivesite ya Connecticut ku America analimbikitsa kwambiri njira imeneyi: mwana asabwereze zomwe wazidziwa kale, ndipo nthawi yomwe yapulumukayo ipite ku zinthu zozama.

Povuta m'pakuti nthawiyo uikemo chiyani. Ambirife timangowonjezera masamu ena makumi awiri ofanana ndi oyamba aja. Mwana wochenjera sachedwa kuona kuti kumaliza msanga kumabweretsa chilango, ndiye amayamba kulemba mwadala pang'onopang'ono, kapena kusokosera anzake. Mphunzitsi mnzanga wa kalasi yoyandikana amakonda kuwasandutsa aphunzitsi aang'ono kuti azithandiza otsalira. Apo ndi apo sizoipa. Koma mwanayo nayenso anabwera kudzaphunzira, sanabwere kudzagwira ganyu ya ine.

Lachiwiri ndinawayesa ana a kagulu kaja ndi funso lakale lophatikiza manambala onse kuyambira 1 mpaka 100. Zimanenedwa kuti Carl Friedrich Gauss, katswiri wa masamu yemwe anabadwa mu 1777, analiyankha ali mwana pophatikiza 1 ndi 100, 2 ndi 99, mpaka kupeza mapeyala 50 a 101, yankho n'kukhala 5050. Silinawachedwetse. Mtsikana wina amene amakhala nambala wani chaka ndi chaka analipeza ena asanamalize kukopera funso, n'kupinda manja.

Ntchito yeniyeni inali Lachitatu. Ndinajambula pa bolodi mapu a mzinda wa Königsberg, umene lero umatchedwa Kaliningrad ku Russia. Mtsinje wa Pregel unkadutsa pakati pa mzindawo n'kupanga zilumba ziwiri, ndipo panali milatho isanu ndi iwiri. Chilumba chapakati chinali ndi milatho isanu: iwiri yopita tsidya la kumpoto, iwiri yopita tsidya la kum'mwera, umodzi wopita ku chilumba chinzake. Chilumba chachiwiricho chinalinso ndi mlatho umodzi wa kumpoto ndi wina wa kum'mwera. Funso: yendani mzinda wonse, muwoloke mlatho uliwonse kamodzi kokha, osabwereza, osasiyako.

Funsoli ndinalipereka ku kalasi yonse, osati kwa kagulu kaja kokha, ndipo chifukwa chake ndichinena kutsogoloku.

Poyamba kunali kuseka, aliyense ati n'zachibwana. Zala zinayenda pa mapu, mapensulo anatha. "Madamu, ndapeza!" Ndikapita kukaona, mlatho umodzi wawolokedwa kawiri. Mtsikana wa nambala wani uja anadzaza masamba atatu a kope lake ndi njira zosiyanasiyana, iliyonse n'kutsala mlatho umodzi. Ndinamuona akufufuta mwaukali mpaka pepala linabooka. Kenaka anabwera kutsogolo nkhope ili gwa.

"Madamu, mwalakwitsa kujambula."

"Sindinalakwitse, mwanawe. Mzindawo unali choncho."

"Ndiye tiuzeni yankho."

"Mawa."

Anabwerera pampando misozi ili lengelenge. Mwana ameneyu chiyambire sukulu anali asanagwirepo njakata pa funso la masamu. Anzake ovutika amadziwa kukhala ndi funso losayankhika kwa ola lathunthu osataya mtima, poti ndi moyo wawo wa tsiku ndi tsiku. Iye luso limenelo alibe, ndipo tikapanda kumupatsa mpata wolipeza ku pulayimale, adzakumana ndi khoma lake loyamba ku sekondale kapena ku koleji, komwe kulibe womudikira.

Amene anatsegula njira ndi mnyamata wa kumbuyo, wolemba zosawerengeka, amene sipelo imamugwetsa mayeso aliwonse. Sanajambule njira ngakhale imodzi. Anangoyang'ana bolodi nthawi yaitali, kenaka n'kukweza mkono mwamanyazi. "Madamu, ukalowa pa chilumba uyenera kutulukanso. Ndiye milatho iziyenda iwiriiwiri, wolowera ndi wotulukira. Koma apa paliponse pakutsala umodzi." Anawerenga ndi chala: isanu, itatu, itatu, itatu. Amenewo ndiwo maganizo a katswiri wa masamu Leonhard Euler, amene mu 1736 anaonetsa kuti ulendowu ndi wosatheka. Malo okhala ndi mlatho wotsala wopanda mnzake angakhale awiri okha, poyambira ndi pothera. Ku Königsberg analipo anayi.

Mnyamatayu pa kamayeso ka Lolemba sanaonekere n'komwe. N'chifukwa chake mafunso otere sindiwabisira kagulu kosankhidwa. Mu 1921 Lewis Terman wa pa yunivesite ya Stanford ku America anayamba kutsatira moyo wa ana pafupifupi 1,500 a ku California omwe anakhoza kwambiri mayeso oyeza nzeru. Anyamata awiri, William Shockley ndi Luis Alvarez, anayesedwa koma sanafike pa mlingo wofunika. Onsewa anadzalandira mphoto ya Nobel pa sayansi ya fizikisi, wina mu 1956, wina mu 1968, pomwe mwa osankhidwa aja palibe anailandira. Renzulli yemwe uja mu 1978 anati mphatso ya mwana imaoneka pomwe zinthu zitatu zakumana: nzeru zoposa za ambiri, luso loganiza zatsopano, ndi kukakamira ntchito mpaka ithe. Mayeso olemba amagwira choyambacho, zinazo zimawapulumuka.

Lachinayi m'mawa ahedi anandiitanitsa ku ofesi. Mayi a mtsikana uja anali atakhala kale pampando, chikwama pamiyendo.

"Aphunzitsi, mwana wanga dzulo wabwera akulira. Akuti mwawapatsa samu yopanda yankho. Kodi zimenezi zili mu silabasi? Zidzabwera pa mayeso?"

"Ayi mayi, sizidzabwera."

"Nanga mukumuvutitsiranji? Mwanayu ndi wanzeru, aliyense amadziwa."

Ndinawafotokozera kuti mawu akuti "ndiwe wanzeru" mwanayu wawamva kwambiri moti tsopano akuopa chilichonse chomwe chingawatsutse. Mu 1998 Claudia Mueller ndi Carol Dweck anachita kafukufuku pa ana a msinkhu womwewu. Ena ankawayamikira kuti ndi anzeru, ena kuti alimbikira. Oyamikiridwa nzeru aja ankasankha mafunso osavuta, ndipo akalephera kamodzi ankagwa mphwayi n'kuyamba kulakwa ngakhale zomwe ankakhoza. Mayiwo sanakhutire kwenikweni, ndipo sindiwadzudzula: malikisi ndiwo amaoneka pa lipoti, kupirira sikuoneka. Tinagwirizana kuti mafulakishoni mwanayo azilembabe mayeso ake onse, kuti aone okha ngati akubwerera m'mbuyo. Ahedi anangoti ndizilemba zonsezi mu sikimu kuti oyendera sukulu akabwera asadabwe.

Masana ake kagulu kaja kanali pa ntchito yakeyake pomwe ena tinkalimbana ndi magawo a zinthu. Ndinawauza kuti aliyense ajambule mzinda wake wa milatho, umodzi woyendeka ndi wina wosayendeka, asinthane, ndipo anene yankho asanayendetse chala. Kuyendetsa magulu awiri m'chipinda chimodzi n'kotopetsa, ndisaname. Kukonzekera kwake kumadya madzulo onse, ndipo mabuku ochonga sachepa chifukwa choti wachita zabwino.

Lachisanu mnyamata wa kumbuyo uja ndinamusamutsira ku kaguluko pa nthawi ya mapu yokha, mafulakishoni azichitabe ndi anzake chifukwa sanawadziwe. Anakhala moyandikana ndi mtsikana uja, ndipo sipanapite nthawi anayamba kukangana. Mtsikanayo ndiye anafunsa kuti tikamanga mlatho wachisanu ndi chitatu ku Königsberg ulendo ungatheke. Anayesa kuuika m'malo osiyanasiyana n'kupeza kuti paliponse pomwe walumikiza malo awiri osiyana zikutheka, chifukwa malo awiriwo amasiya kukhala ndi mlatho wotsala. Mnyamatayo anati zimenezo sizokwanira: munthu woyenda amafuna kubwerera kunyumba kwake, ndiye pafunika milatho ingati kuti uthere pomwe unayambira? Wina akuti isanu ndi inayi, wina akuti khumi. Belu linalira asanagwirizane, ndipo ndawauza kuti Lolemba aliyense abwere ndi mapu otsimikizira mbali yake.